ZITOSI ZA MBOZI ZIDYETSA MPUNGA KU CHINA NDI KU INDIA

Mlimi wa kuno kwathu akamva za mbozi, aganiza za mdani wa cimanga cace. Koma ku China ndi ku India kuli mbozi imene anthu amaweta m'nyumba monga momwe ife tiwetera nkhuku. Imeneyi ndiyo mbozi ya silika, imene imaluka cikwa ca ulusi wopangira nsalu za mtengo wapatali.

Cakudya cace ndi masamba a mabulosi, mtengo umene ena amati malubeni. Kwa masiku ngati 25 mbozi imadya usana ndi usiku, ndipo imasiya zitosi zambiri pamodzi ndi zotsala za masamba. Alimi a kumeneko sataya zinyalala zimenezi, cifukwa muli naitirojeni, fosifolasi ndi potashi, zakudya za mbeu zomwe zija timagula m'thumba la feteleza wa Compound D.

Ku Huzhou, m'cigawo ca Zhejiang ku China, alimi akhala akucita nzeru imeneyi kwa zaka zoposa 2,000. Amabzala mabulosi m'mbali mwa maiwe a nsomba. Masamba adyetsa mbozi, zitosi za mbozi zidyetsa nsomba, ndipo matope a pansi pa dziwe amawakolopola ndi kuwathira ku mabulosi ndi m'minda ya mpunga. M'caka ca 2017 bungwe la FAO linaika ulimi umenewu pa mndandanda wa colowa ca dziko lonse pa zaulimi.

Ku Karnataka, dera lopambana pa silika ku India, njira yace ndi ya dzenje. Mlimi amayala zitosi ndi masamba otsala, nathirapo ndowe ya ng'ombe yosungunula m'madzi, nayalanso zina pamwamba kufikira dzenje lidzale. Pakapita miyezi ingapo zonse zimaola ndi kusanduka manyowa akuda, ofewa.

Kuoletsa kumeneku ndi kofunika kwambiri. Zitosi zaziwisi zimatentha pamene ziola, ndipo zikhoza kuwaula mizu ya mbande. Ndiponso zimasunga tizilombo ta matenda a mbozi, timene tingabwerere ku ziwetozo ndi kupha mbozi zonse, banja nkutsala manja lende.

Manyowa akapsa amawamwaza m'munda ndi kuwagaulira pansi asanawokere mpunga. Feteleza wa m'thumba agwira nchito msanga, koma madzi a m'dambo amakokolola gawo lace lina. Manyowa amatulutsa cakudya pang'onopang'ono, nafewetsa nthaka, kotero kuti munda sutopa msanga. Koma mphamvu yace pa thumba limodzi ndi yocepa poyerekeza ndi ya feteleza, motero afunika ocuruka, ndipo alimi ambiri amaphatikiza zonse ziwiri.

Ife kuno sitinazolowere kuweta mbozi, koma mpunga timalima, monga ku Chama ndi m'madambo ena, ndipo mtengo wa feteleza ukulemera mabanja ambiri. Tiri nazo zitosi za nkhuku, ndowe ya mbuzi ndi ya ng'ombe, ndi mapesi a mpunga amene ambiri timangoocha tikakolola.

Alimi anzathu, kumbani dzenje pamthunzi mukangotha kukolola, muunjikemo zimenezi ndi kuthiramo madzi nthawi ndi nthawi. Funsani mlangizi wa zaulimi wa kwanuko kuti akuuzeni muyeso woyenera munda wanu. Mukayamba m'cirimwe, manyowa adzakhala atapsa mvula yoyamba isanagwe.