Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: nzeru za wantchito m'fabrika

Magalimoto ambiri amene amatinyamula m'misewu ya ku Tete, Angónia ndi Niassa ndi a kampani ya Toyota ya ku Japan. Madalaivala a chapa amawakonda chifukwa amalimba. Kulimba kumeneku kumayambira m'fakitale, kapena kuti fabrika monga timanenera kuno. Kumeneko munthu womanga mabawuti amaloledwa kuganiza, kunena zimene waona ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito yake. Kodi khalidwe limeneli linayamba bwanji?

Mwana wa kalipentala

Sakichi Toyoda anabadwa m'chaka cha 1867. Bambo ake anali kalipentala. Mayi ake ankawomba nsalu pamanja. Mnyamatayu ankaonerera ntchito ya mayi akewo, ndipo atakula anayamba kupanga makina owombera nsalu.

Makina a nthawi imeneyo anali ndi vuto. Ulusi umodzi ukaduka, iwo ankangopitiriza kuyenda, nsalu n'kumatuluka yolakwika. Toyoda anapanga makina oima okha ulusi ukangoduka. Otchuka kwambiri anawamaliza mu 1924. Munthu mmodzi anayamba kuyang'anira makina ambiri, ndipo nsalu yotayika inachepa. Mwana wake, Kiichiro Toyoda, ndiye anayambitsa ntchito ya magalimoto, ndipo kampani ya Toyota inakhazikitsidwa mu 1937. Lamulo la bambo ake analitenga: chinthu chikalakwika, ntchito iime kaye, vuto lioneke.

Kapepala ka maganizo

Mu 1950 kampaniyi inatsala pang'ono kugwa. Ndalama zinasowa, antchito ananyanyala ntchito, ndipo anthu oposa 1,500 anachoka. Chaka chomwecho mmodzi wa akuluakulu ake, Eiji Toyoda, anakaona fabrika ya Ford ku America. Anapeza kuti kumeneko antchito ankalemba maganizo awo n'kupereka kwa mabwana. Mu 1951 Toyota inayambitsa dongosolo lake lotere.

Wantchito akaona chinthu chimene chikumutayitsa nthawi kapena kumupweteka msana, amalemba pa kapepala. Kapitawo amawerenga, amakambirana naye, kenako amayesa. Ganizo likathandiza, mwini wake amalandira kangachepe. Maganizo ambiri amakhala aang'ono: kusendeza shelefu kuti dzanja lifike msanga, kupachika sipanala pamalo amodzi, kukweza tebulo kuti munthu asamawerame. Ku Japan zimenezi amazitcha kaizen, kutanthauza kukonza zinthu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Ganizo labwino sililira ndalama zambiri. Mu 1961 katswiri wina wa ku Japan, Shigeo Shingo, anafika pa fabrika yopanga maswitchi a magetsi. Switchi iliyonse inkafunika tisipuling'i tiwiri, koma nthawi zina wantchito ankaiwala kamodzi. Mabwana ankangoti, samalani. Kuiwala sikunathe. Shingo anati pakhale kambale. Wantchito aziyamba waika tisipuling'i tiwiri m'kambalemo, kenako azimanga switchi. Kakatsala kamodzi m'mbale, amadziwa pomwepo kuti waiwala. Vuto limene kukalipa kunalephera linatha ndi kambale.

Chingwe choimitsa ntchito

M'fabrika ya magalimoto, galimoto imayenda pa mzere, munthu aliyense n'kumangapo chake. Mzere ukaima, kampani imataya ndalama. Ngakhale zili choncho, Toyota inaika chingwe pafupi ndi wantchito aliyense. Akaona cholakwika amakoka chingwecho. Nyale imayaka, kapitawo amathamangira pomwepo kukathandiza. Vuto likapanda kutha msanga, mzere umaima.

Anthu ena ankati zimenezi zimatheka ku Japan kokha. Yankho linapezeka ku Fremont, m'chigawo cha California ku America. Kumeneko kampani ya General Motors inali ndi fabrika yodziwika ndi mikangano, kujomba ndi magalimoto olakwika. Inatsekedwa mu 1982. Mu 1984 inatsekulidwanso, General Motors ndi Toyota atagwirizana, pa dzina loti NUMMI. Ambiri amene analembedwa ntchito anali anthu akale omwe aja. Ena anatumizidwa ku Japan kukaphunzira. Anapatsidwa chingwe chija ndi ufulu wopereka maganizo. Pasanapite nthawi yaitali, magalimoto a fabrikayi anali m'gulu la abwino kwambiri mwa onse a General Motors. Anthu anali omwewo, koma tsopano ankamvedwa.

Panalinso lonjezo. Kampani inagwirizana ndi bungwe la antchito kuti sidzachotsa anthu pokhapokha zinthu zitafika poipitsitsa. Malonda atatsika mu 1988, antchito sanachotsedwe. Anawaika pa maphunziro ndi pa ntchito zokonza fabrika. Lonjezo limeneli ndi lofunika, chifukwa palibe munthu angapereke nzeru yofulumizitsa ntchito ngati akudziwa kuti mawa nzeruyo ichotsetsa mnzake kapena iye mwini. Fabrikayi inagwira ntchito mpaka 2010.

Nanga kwathu kuno?

Kaizen inafika kale mu Africa. Dziko la Ethiopia linakhazikitsa bungwe lophunzitsa njirayi mu 2011, mothandizidwa ndi dziko la Japan. Ku Zambia nakonso kuli bungwe lotere. Ku Mozambique kuno tili ndi fabrika ya fodya mumzinda wa Tete, za shuga ku Marromeu ndi ku Mafambisse, ndi zoswa mtedza wa kaju ku Nampula. Tilinso ndi zigayo, malo ophikira buledi, opala matabwa ndi owotcherera zitsulo. Monsemu muli anthu amene amadziwa kulira kwa makina awo kuposa bwana wokhala mu ofesi.

Njira imodzi yosalira ndalama ndi imene Taiichi Ohno, mkulu wina wa ku Toyota, ankaphunzitsa: kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" kasanu. Tiyerekeze ndi chigayo. Chigayo chaima. Chifukwa chiyani? Lamba waduka. Chifukwa chiyani waduka? Amatentha. Chifukwa chiyani amatentha? Chigayo chimalemedwa. Chifukwa chiyani chimalemedwa? Sefa imatsekeka. Chifukwa chiyani imatsekeka? Timathira chimanga chosauma bwino. Tikanaima pa funso loyamba, tikanagula lamba wina, n'kudukanso mwezi wamawa. Funso lachisanu latisonyeza chochita: kuyesa chimanga ndi dzino tisanathire. Wodziwa mayankho asanuwa ndi wogayitsa amene amakhala pa chigayopo tsiku lonse.

Chimene chimatsekereza nzeru zotere kawirikawiri ndi mantha. Tinakula tikuuzidwa kuti mwana sayankha akulu, ndipo pa ntchito bwana timamuona ngati kholo. Ulemu ndi wabwino. Koma wantchito akaona waya wamagetsi wosendeka n'kukhala chete poopa kuoneka wamwano, mnzake akhoza kufa. Mawu aulemu alipo: "Bwana, ndaona chakuti. Bwanji tiyese motere kwa mlungu umodzi?"

Mabwana nawo ali ndi mbali yawo. Ayankhe ganizo lililonse, ngakhale akulikana, ndipo anene chifukwa chake. Bokosi la maganizo limene silitsekulidwa limaphunzitsa anthu kukhala chete. Asalange munthu woulula cholakwika. Atchule dzina la mwini ganizo pamaso pa anzake, kapitawo asadzitengere ulemu wa wina. Phindu likabwera, wantchito alaweko.

Pali chenjezo. M'mafabrika ena mawu akuti kaizen amagwiritsidwa ntchito pongothamangitsa anthu, ntchito n'kuchuluka, malipiro osasintha. Kwina amakakamiza munthu kulemba maganizo angapo mwezi uliwonse, ndipo anthu amangolemba zilizonse. Choncho antchito, kudzera mu sindikato yawo, azifunsa poyambirira: kusinthaku kupeputsa ntchito kapena kuilemetsa? Nthawi ikapulumuka, anthu otsalawo apita kuti?

Inu amene mukuphunzira kulemba muli kale ndi chida. Ganizo longonenedwa pakamwa limaiwalika, ndipo wina akhoza kulitenga kukhala lake. Lolembedwa, lokhala ndi dzina ndi tsiku, limakhalapo. Mizere itatu ndi yokwanira: vuto ndi ili, ndikuganiza kuti tichite izi, tipindula izi. Ngati dzanja silinazolowere, jambulani chithunzi, kapena pemphani mnzanu akulembereni, inu n'kusainira.

Zokambirana m'gulu

1. Pa ntchito yanu, ndi chiyani chimene chimakutayitsani nthawi tsiku lililonse?
2. Sankhani vuto limodzi. Funsani "chifukwa chiyani?" kasanu, mulembe mayankho ake.
3. Lembani ganizo lanu m'mizere itatu. Muikepo dzina ndi tsiku, ndipo muwerengere anzanu musanapite nalo kwa kapitawo.