Yunivesiti ikayamba kuganiza monga wamalonda

Ambili a ife tili ndi ana kapena adzukulu amene ali ku yunivesiti, ndipo ena akukonzekela kupitako. Conco ndi bwino kumvetsa nkhani imene atsogoleli a maphunzilo amakambapo masiku ano, yakuti yunivesiti iyenela kukhala ndi mtima wa bizinesi.

Mau amenewa atanthauza kuti yunivesiti isamangoyembekezela ndalama za boma. Iyenela kuyambitsa zinthu zatsopano, kuona mwayi ena asanauone, ndi kulimba mtima kuyesa ngakhale kuti zingakanike. Mu 1998 katswili wa maphunzilo, Burton Clark, analemba za mayunivesiti asanu a ku Ulaya amene anacita zimenezi, kuphatikizapo Warwick ya ku Britain ndi Twente ya ku Netherlands. Iye anapeza kuti onse anali ndi magwelo angapo a ndalama, ndiponso anali kugwilizana ndi makampani.

Lamulo la dziko lingathandize. Ku America, lamulo la Bayh-Dole la mu 1980 linalola mayunivesiti kukhala eni ake a zimene atulukila pa kafukufuku wolipilidwa ndi boma. Kucokela pamenepo ambili anatsegula maofesi ogulitsa zotulukilazo ku makampani.

Koma pali njila ziwili zopezela ndalama, ndipo sizifanana. Yoyamba ndi kugulitsa nzelu: makina, mbeu, mankhwala kapena uphungu. Yaciwili ndi kungoculukitsa ophunzila olipila. Njila yaciwiliyi ndi yacidule, koma ili ndi msampha. Yunivesiti ya Makerere ku Uganda inayamba kulandila ophunzila odzilipilila mu 1992, ndipo ciwelengelo cao cinakwela mofulumila. Mu 2007 Pulofesa Mahmood Mamdani analemba buku losonyeza kuti ndalama zinabweladi, koma makalasi anadzala, aphunzitsi anasowa nthawi ya kafukufuku, ndipo madipatimenti anayamba kulimbilana ophunzila.

Nkhaniyi itikhudza kuno kwathu. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ya Copperbelt mu 1987, ndipo ya Mulungushi inayamba mu 2008 mwa mgwilizano wa boma ndi kampani ya Konkola Copper Mines. Lelo tilinso ndi mayunivesiti ambili amene si a boma, ena mwa iwo ndi a machalichi, ndipo amadalila kwambili ndalama zimene makolo amalipila. Ndiye cifukwa cake lamulo la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la Higher Education Authority kuti lizilembetsa mayunivesiti ndi kuyang'anila ubwino wa maphunzilo ao.

Nanga boma liyenela kucitanji? Coyamba, poyesa yunivesiti lisamangowelenga ophunzila, koma lionenso zimene yatulukila ndi mmene zathandizila alimi, zipatala ndi migodi. Caciwili, pakhale malamulo omveka onena za mwini wa cinthu cotulukilidwa, kuti mphunzitsi ndi wophunzila apindule ndi thukuta lao. Cacitatu, boma lisaleke kupeleka ndalama poganiza kuti msika udzakwanilitsa zonse. Maphunzilo a uphunzitsi, zinenelo zathu ndi mbili ya dziko sabweletsa phindu la msanga, koma dziko silingayende popanda iwo. Mwana wa mlimi wosauka nayenso sayenela kutsekeledwa kunja cifukwa cosowa ndalama.

Ife makolo tilinso ndi mbali yathu. Musanalipile, fufuzani ngati yunivesitiyo ndi yolembetsedwa ndi Higher Education Authority, ndiponso ngati kosi imene mwana afuna ndi yovomelezedwa. Funsani kuti m'kalasi mumakhala ophunzila angati, ndani amaphunzitsa, ndipo ophunzila amapita kuti kukaphunzila nchito. Yunivesiti yabwino sidzavutika kukuyankhani mafunso amenewa.