Mwana Wobadwa ndi Mlomo Wong'ambika

Kwathu kuno ku Mulanje mwana akabadwa uthenga suchedwa kuyenda. Mayi asanatuluke m'chikuta, abale a ku Chitakale ndi ku Limbuli amakhala atamva kale, amayi a Mvano nawonso atakonza ufa ndi sopo. Koma alipo ana ena amene kubadwa kwawo kumanenedwa monong'ona. Mayi amaphimba nkhope ya khanda ndi nsalu, agogo amabweza alendo ponena kuti mwana wagona, ndipo mkamwini amayamba kuyang'anidwa ndi diso lina. Tikunena za mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika.

Nkhope ya munthu siumbika nthawi imodzi. M'masabata oyamba a pakati, mnofu umamera kuchokera kumtunda ndi m'mbali zonse ziwiri, n'kudzakumana pansi pa mphuno. Mlomo wam'mwamba umatsekeka pofika sabata la 7, pamene denga la m'kamwa, lija limalekanitsa m'kamwa ndi m'mphuno, limatsiriza kulumikizana cha m'sabata la 12. Zigawozi zikapanda kukumana pamatsala mpata. Mpatawo ukhoza kukhala pa mlomo pokha, kawirikawiri kumanzere, kapena mbali zonse ziwiri; ukhozanso kupitirira m'nkhama mpaka m'kati. Ana ena mlomo uli bwinobwino koma denga lokha ndilo lotseguka, ndipo ameneyu amadziwika pamene mkaka wayamba kutulukira m'mphuno. Madotolo amati pa dziko lonse pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 700 amabadwa motere.

Taonani tsono: zonsezi zimachitika nthawi imene amayi ambiri sanatsimikize n'komwe kuti aima. Nanga mlandu wa mdulo kapena wa ufiti umene timaimba pabwalo ukuchokera kuti? Ophunzira a Ambuye anafunanso wolakwa pa munthu wobadwa wosaona, monga tiwerenga pa Yohane 9, ndipo Iye sanatsutse munthuyo kapena makolo ake. Zimene zadziwika n'zakuti nthawi zina vutoli limayenda m'magazi a banja, kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo fodya, mowa, matenda a shuga ndi mankhwala ena a khunyu zimawonjezera ngozi. Mayi wakhunyu asasiye mankhwala yekha. Akaonane ndi dotolo asanatenge pakati. Bonongwe, nkhwani ndi nyemba zili ndi chakudya chothandiza mwana kuumbika bwino, koma ngakhale mayi wodzisamala akhoza kubereka mwana wotere.

Ngozi yeniyeni m'miyezi yoyamba ndi njala. Mwana amene denga la m'kamwa mwake n'lotseguka amalephera kukoka bere, pakuti mpweya umathawira m'mphuno. Amayamwa nthawi yaitali, natopa, nagona asanakhute. Mayi amukhazike chokhala tsonga poyamwitsa, ndipo bere likakanika afinyire mkaka wake m'kapu yoyera n'kumamwetsa pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni, kawirikawiri, akumugeyetsa pakati. Phala la madzi si la khanda. Kusikelo asaphonye, chifukwa madotolo sachita opareshoni pa mwana wowonda ndi wochepa magazi. Amafuna afike makilogalamu ngati 5. Apa ndi pamene kubisa mwana kumapweteka, pakuti wobisidwa sapimidwa.

Mlomo amasoka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, ndipo denga la m'kamwa pakati pa miyezi 9 ndi 18, asanazolowere kulankhulira m'mphuno. Pambuyo pake pamafunika kuyang'anira makutu, chifukwa ana otere amadwala makutu kawirikawiri, kuyang'anira mano, ndi kumuphunzitsa kutchula mawu mofatsa. Wachinyamata kapena wamkulu amene anakula osasokedwa asati nthawi inapita. Mlomo umasokeka pa msinkhu uliwonse, ngakhale kuti malankhulidwe sakonzeka msanga.

Poyambira ndi pafupi: Mulanje Mission Hospital ya Sinodi yathu ya Blantyre, chipatala cha boma pa Boma, kapena chipatala chaching'ono cha kwanu. Kumeneko amalemba kalata yotumiza mwana ku Blantyre, kumene kuli Queen Elizabeth Central Hospital ndi Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002. Bungwe la Operation Smile linayamba kusoka milomo m'dziko muno mu 2012, ndipo lachita ntchitoyi kwaulere ku Lilongwe ndi ku Zomba. Chovuta kwa banja lothyola tiyi ndi ndalama ya basi ndiponso wotsala ndi ana ena kunyumba, zinthu zimene mpingo wa pamudzi ungathe kusenza popanda kudikira Sinodi.

Kwa inu anyamata ndi atsikana a Sande Sukulu tili ndi pempho limodzi. Mnzanu wotere ali ndi nzeru ngati zanu, ndipo chimene chimamutulutsa m'kalasi kawirikawiri ndi dzina lachipongwe ndi kumuyeseza malankhulidwe. Mphunzitsi akamufunsa funso, dikirani amalize kuyankha.