Kodi mumadziwa? Mbatatesi imapuma ngakhale itakumbidwa

Kodi mumadziwa kuti mbatatesi, karoti ndi mbatata zimakhalabe zamoyo mukazikumba? Zimapuma, zimataya madzi, ndipo zikamva kufunda zimaphuka. Luso lonse la wosunga lagona pozigoneka tulo popanda kuzipha.

Nanga mumadziwa kuti m'katauni ka Elliston, ku Newfoundland m'dziko la Canada, muli zipinda zapansi zoposa 130 zosungiramo zokolola? Anazikumba m'mbali mwa zitunda, makoma ake a miyala, pamwamba dothi ndi udzu. Kunja madzi akaundana gwa, m'katimo mumangozizira koma mbatatesi siiundana. Mu 2000 kataunika kadadzitcha likulu la zipinda zoterezi pa dziko lonse.

Ku Britain alimi ambiri akale sankamanga n'komwe. Ankaunjika mbatatesi pa mapesi a tirigu, kufunditsa mapesi ena, kukwirira dothi, n'kusiya kamtolo ka udzu katatulukira pamwamba kuti mpweya uzituluka. Mozungulira ankakumba ngalande ya madzi a mvula. Mlimi wodziwa nkhuti ya mbatata sangadabwe nazo, kungoti mdani wa uko ndi chisanu, pomwe wathu ndi kutentha ndi anankafumbwe. N'chifukwa chake ife timathira phulusa.

Kodi mumadziwa kuti firiji si bwenzi la zonse? Karoti amakonda kuzizira kwa pafupi ndi madigiri 0, atadulidwa masamba n'kuikidwa mumchenga wachinyezi. Mbatatesi ikakhalitsa pansi pa madigiri 4 imayamba kutsekemera, ndipo tchipisi chake chimada. Mbatata ya kholowa ndiye njosachedwa kudandaula: pansi pa madigiri 12 imalimba m'kati, kenako n'kuola. Woiika m'firiji akuiwononga ndi magetsi ake omwe.

Maapozi ndi karoti musazisunge pamodzi. Maapozi amatulutsa mpweya wa ethylene umene umawawitsa karoti. Mbatatesi ikaona kuwala imabiriwira, ndipo pobiriwirapo pamakhala poizoni wotchedwa solanine.

Chinangwa sichidikira munthu: masiku awiri kapena atatu chikazulidwa, chayamba mizere yakuda. Chimasungika bwino pamunda pomwepo, apo ayi chisanduke makaka.

Chisanu chija ndi mdani ku Britain, koma anthu a kumapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, adachilemba ganyu. Amayala mbatatesi panja usiku kuti iundane, masana n'kuiponda ndi mapazi kufinya madzi, n'kuiyanika padzuwa. Zouma zakezo, zotchedwa chuño, zimatha zaka osawonongeka.