Pemphero Lobadwira M'mabwinja a Coventry

Mwa malamulo onse amene Ambuye Yesu anasiyira ophunzira ake, palibe lolemera pa mtima wa munthu kuposa lija la kukonda adani. Pakuti chachikhumi munthu angathe kupereka, kusala kudya angapirire, mtunda wautali wopita ku msonkhano wa chitsitsimutso angauyende wapansi mokondwera, koma kugwada pamaso pa Mulungu ndi kupemphera chifundo pa iye amene anakutenthera nyumba ndi kukuphera mbale, chimenechi ndicho chinthu chimene thupi ndi mwazi zimakana. Ambiri a ife timalimva lamuloli likuwerengedwa pa gome, tigwedeza mitu kuvomereza, koma m'mitima mwathu tinalipachika kale pamwamba pamodzi ndi zinthu zoyenera angelo okha. Komabe ulipo mzinda wina kumene Akhristu anayesedwa pa lamuloli ndi moto weniweni, ndipo pemphero limene linatuluka m'mayesero awo lili nazo zambiri zotiphunzitsa za kulapa, za chisomo, ndi za njira imene ziwirizi zimatsegulira munthu khomo la kukonda mdani wake.

Mzindawo ndi Coventry, pakati pa dziko la England, umene pa nkhondo yaikulu yachiwiri unali wodzala ndi mafakitale opanga injini za ndege, magalimoto ndi zida zina za nkhondo. Usiku wa pa 14 Novembala 1940, mwezi ukuwala mbee, ndege za Germany pafupifupi 500 zinautsanulira mabomba kuyambira madzulo kufikira mbandakucha. Anthu oposa 500 anafa, nyumba zoposa 4,000 zinagumuka, ndipo mitembo inachuluka kotero kuti yambiri inaikidwa m'manda amodzi ku London Road.

Pakati pa mzindawo panali tchalitchi cha Mikaeli Woyera, chomangidwa m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, chimene kuyambira 1918 chinali tchalitchi chachikulu cha mpingo wa Anglican kuderalo, momwe munali mpando wa bishopu. Wansembe wamkulu woyang'anira nyumbayo, Richard Howard, anali pa denga usiku umenewo pamodzi ndi amuna ena atatu, ali ndi zidebe za mchenga ndi timipope ta pamanja, kuzima mabomba oyatsa moto limodzi ndi limodzi. Koma mabomba ena atabowola mtovu wofolera denga ndi kuyatsa mitengo yakale ya m'kati, ndipo ozimitsa moto atafika ndi kupeza kuti mipope ya madzi ya mumzinda yaphulika, panalibenso chochita koma kupulumutsa ziwiya zopatulika zochepa ndi kuima panja kupenyerera nyumba ya Mulungu ikupsa. Kutacha, zotsala zinali makoma a kunja ndi nsanja yaitali yokha.

M'phulusa limenelo mmisiri wa miyala wa tchalitchicho, Jock Forbes, anaona mitengo iwiri ya denga, yopserera bii, itagwa mopingasana. Anaimanga pamodzi naiimika ngati mtanda pamalo pa guwa. Wansembe wina, Arthur Wales, anatola misomali itatu ikuluikulu, yosulidwa ndi manja a amisiri amakedzana, imene inagwira dengalo zaka mazanamazana, naimanganso mtanda waung'ono. Patapita masabata asanu ndi limodzi, pa tsiku la Khirisimasi, manda a ophedwa asanamere udzu, Howard analankhula pa wailesi ya BBC ali m'mabwinjamo, nauza dziko kuti iye ndi Akhristu anzake akuyesetsa, ngakhale kuli kovuta, kuchotsa m'mitima mwawo maganizo onse a kubwezera, ndi kuti nkhondo ikadzatha adzafuna kumanga dziko lachifundo koposa, loyenda m'mapazi a Khristu. Tisaiwale kuti ananena zimenezi nkhondo ili pachimake, mabomba akugwabe pa London, ndipo ambiri mwa omvera ake akufuna kumva mawu a kulipsira.

Koma chimene ine ndichiyesa mutu wa nkhani yonseyi ndi mawu aja amene Howard anachititsa kuti alembedwe pa khoma, kuseri kwa mtanda wopsererawo. Anawatenga m'pemphero la Yesu la pa mtanda, lolembedwa pa Luka 23, pamene Mpulumutsi anapempha Atate kuti akhululukire omupachika. Koma Howard analemba pempho la chikhululukiro lokha, osatchula oti akhululukidwe. Anthu akadayembekezera kuti pakhomapo palembedwe zopempherera Ajeremani, popeza iwo ndiwo anaponya mabomba, ndipo pemphero lotero likadaoneka lachikhristu ndithu. Howard anaona msampha umene uli m'menemo. Yesu anali nako kuyenera kupempherera ena okha, pakuti mwa iye munalibe tchimo. Koma munthu wochimwa akaimirira napempherera mdani wake monga ngati tchimo lonse lili tsidya lija ndipo tsidya lino kuli oyera okhaokha, wasandutsa pemphero kukhala mpando woweruzirapo, ndipo wafanana ndi Mfarisi uja wa pa Luka 18, amene analowa m'kachisi kukawerengera Mulungu zolakwa za wamsonkho. Makolo athu anati anyani amasekana zikundu. Posiya malo aja opanda dzina, wansembeyo anaika anthu a Coventry ndi anthu a Germany pa mzere umodzi pamaso pa Mulungu, onse opempha, popanda mmodzi wodziyesa wolungama.

Ndipo mbiri imuchitira umboni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: pakati pa 13 ndi 15 Febuluwale 1945 ndege za Britain ndi America zinatentha mzinda wa Dresden ku Germany, momwe munadzala anthu othawa nkhondo, ndipo anafa anthu pafupifupi 25,000, tchalitchi chotchuka cha Frauenkirche chinapsa, nichigwa m'mawa wa pa 15. Mtundu umene unalira mu 1940 ndiwo unaliritsa ena mu 1945. Akadakhala kuti pa khoma la Coventry panalembedwa dzina la mdani yekha, mawuwo akadasanduka manyazi.

Nkhondo itatha, pempherolo linayamba kuyenda ndi miyendo. Mu 1947 nthumwi za Coventry zinapita ku Kiel, mzinda wa ku Germany umene nawonso unaphwasulidwa ndi mabomba, zitanyamula mtanda wa misomali. Mitanda ina yotero inapita ku Berlin ndi ku Dresden. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 achinyamata a ku Germany anadza ku Coventry kudzagwira ntchito ndi manja awo, kukonza zipinda za m'mabwinjamo kuti zikhale malo a chiyanjano, ndipo mu 1965 achinyamata a ku Britain anapita ku Dresden kukathandiza kumanganso chipatala cha mpingo chimene ndege za kwawo zinagumula. Tchalitchi chatsopano, chojambulidwa ndi Basil Spence, chinapatulidwa pa 25 Meyi 1962, koma mabwinja a chakale anawasiya dala chiimire pambali pake, opanda denga kufikira lero.

Tsono mu 1958 wansembe wina wa pamenepo, Joseph Poole, analemba pemphero lolandizana limene lakhala chuma cha malowo: wotsogolera atchula tchimo, mpingo uyankha ndi pempho lija la pa khoma, ndipo atero kasanu ndi kawiri, motsata machimo akuluakulu asanu ndi awiri amene Mpingo wakale unkaphunzitsa. Liyamba ndi chiphunzitso cha Paulo cha pa Aroma 3, chakuti palibe munthu amene sanachimwe. Litsiriza ndi chilangizo cha pa Aefeso 4, chakuti tikhululukirane popeza ifenso tinakhululukidwa mwa Khristu. Pakati pa ziwirizo mutchulidwa udani umene ugawanitsa mitundu ndi mafuko, kusirira za eni, umbombo wodyera masuku pamutu antchito ndi kuwononga nthaka, kaduka, kuuma mtima pa andende ndi osowa pogona ndi othawa kwawo, chilakolako chonyozetsa matupi a anthu, ndi kudzikuza kumene kuchititsa munthu kudzikhulupirira yekha m'malo mwa Mulungu. Limapempheredwa masana dzuwa lili paliwombo, ndipo Lachisanu, tsiku la imfa ya Ambuye, amalipempherera m'mabwinja momwemo.

Taonani, abale, chimene mulibe m'pempherolo. Mulibe dzina la Germany, mulibe dzina la Hitler, mulibe ndege kapena bomba. Anthu amene anali nacho chifukwa chokwanira cha kutchula zolakwa za ena anasankha kutchula mizu ya nkhondo monga imamera mumtima wa munthu aliyense, kotero kuti palibe angalipemphere mpaka kumapeto osapezamo tchimo lake la iye mwini. Wamalonda wopotoza sikelo alimo, mfumu yogulitsa munda wa mkazi wamasiye ilimo, ndipo alimonso mlaliki wochitira nsanje mnzake chifukwa anthu amthamangira. Apa ndipo pali dongosolo limene ndikhulupirira kuti silingatembenuzidwe: munthu ayamba walapa, ndipo polapa aona kukula kwa mangawa amene Mulungu wamufafanizira kwaulere, chimene ndicho chisomo, ndipo pokhapokha ataona chisomocho ndi pamene dzanja lake limasuka pakhosi pa iye amene ali naye mangawa. Fanizo la kapolo wosakhululuka la pa Mateyu 18 linena zomwezi, ndipo Pemphero la Ambuye, limene timaloweza tili ana, limanga chikhululukiro chimene tipempha ndi chimene tipereka pa chingwe chimodzi. Woyesa kukonda mdani asanadziwe kuti iye mwini ndi wokhululukidwa adzalema msanga, kapena adzasanduka wonyada chifukwa cha kufatsa kwake, chimene chili choipa koposa kukwiya kwa poyera.

Wina adzafunsa, ndipo funso lake n'loyenera kulemekezedwa, ngati pemphero lotere silifafaniza kusiyana pakati pa wopha ndi wophedwa, ndi ngati silipatsa oipa ufulu wochita monga afuna. Ndiyankha kuti iyayi. Kunena kuti tonse ndife ochimwa sikunena kuti zochimwa zonse n'zofanana kulemera kwake, kapena kuti bwalo la milandu litsekedwe. Mlandu suwola, atsogoleri a Germany anaweruzidwa ku Nuremberg mu 1945 ndi 1946, ndipo kunali koyenera kutero. Mneneri Natani sanabise tchimo la Davide, koma analiloza ndi chala pamaso pa mfumu, ndipo m'kudzudzulidwa kumeneko ndimo munatuluka Salimo 51, pemphero la kulapa loposa onse. Chimene chikondi cha pa mdani chimaletsa ndi kukhumba chiwonongeko chake, kukondwera ndi kugwa kwake, ndi kumuyesa wosakhozanso kufikiridwa ndi chisomo. Mkazi wozunzidwa angathe kuchoka pa banja, wobedwa angathe kukasuma, wonamiziridwa angathe kufuna kuti dzina lake liyeretsedwe, onsewa akupemphererabe kuti wowalakwirayo alape ndi kukhala ndi moyo. Stefano anapempherera omuponya miyala, ndipo mnyamata wosunga zovala zawo tsiku lija ndiye amene anadzalemba makalata aja a kwa Aroma ndi kwa Aefeso amene atsegula ndi kutseka pemphero la ku Coventry.

Zipatso za mapemphero otere sizipsa msanga. Tchalitchi cha Frauenkirche chinakhala mulu wa miyala zaka pafupifupi 50, kufikira Germany atagwirizananso. Ndipo pochimanganso, anthu a ku Britain anasonkha ndalama zopangira mtanda wagolide wa pansonga pake. Mmisiri amene anatsogolera kusula mtandawo ku London, Alan Smith, anali mwana wa mmodzi wa oyendetsa ndege zimene zinatentha Dresden mu 1945. Tchalitchicho chinapatulidwa pa 30 Okutobala 2005, ndipo pa guwa lake pali mtanda wa misomali wochokera ku Coventry.

Sindingathe kulemba izi osaganizira mapemphero a kwathu kuno. M'mipingo yathu yambiri timavomereza machimo Lamulungu lililonse, ena mwa mawu olembedwa m'buku, ena mwa pemphero la mkulu wa mpingo, ndipo n'chizolowezi chabwino chimene makolo athu m'chikhulupiriro anatisiyira. Koma masiku ano kwabuka mapemphero a mtundu wina, makamaka m'misonkhano ya usiku wonse, momwe anthu amafuula kuitanira moto pa adani awo, kubweza matsoka kwa amene akuganiziridwa kuti anawatumiza, ndi kupempha kuti wotsekereza mwayi wawo afe chaka chisanathe. Ndidziwa kuti ambiri opemphera chotero ndi anthu opwetekedwa ndithu, osowa ntchito, oferedwa ana, olandidwa minda, ndipo sindiwanyoza. Koma mdani wosatchulidwa dzina uja, potuluka m'tchalitchi, amasanduka azakhali, apongozi, kapena nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, ndipo tonse tamva za okalamba amene anamenyedwa, kuthamangitsidwa, ngakhale kuphedwa kumene chifukwa chonenedwa ufiti. Pamene Yakobo ndi Yohane anafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya, pa Luka 9, Ambuye anawadzudzula.

Chifukwa chake ndikupemphani inu abusa, ansembe, akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi a mabungwe ena, ndi inu nonse amene mumapatsidwa mwayi wotsogolera anthu a Mulungu m'pemphero: musanatchule choipa cha wina aliyense, yambani mwatsogolera mpingo kuvomereza chake, ndipo pofika pa adani, apemphereni zomwezo zimene mwadzipemphera nokha, ndiko kulapa, chikhululukiro ndi moyo. Anthu amene ali m'manja mwanu amaphunzira kupemphera pomvera inu, ndipo adzapemphera kunyumba monga mwawaphunzitsira m'nyumba ya Mulungu.