Timakola ta Zitsulo Tosunga Mamolekyulu

Akatswiri a sayansi ya kemisitiri amatha kupanga timakola tosaoneka ndi maso, tokhala ndi mphako mkati, momwe mumalowa mamolekyulu, omwe ndi timagulu ta maatomu ogwirana. M'ngodya za kholalo mumakhala maatomu a zitsulo monga palladium, gallium kapena ayironi, ndipo ngodyazo zimalumikizidwa ndi mamolekyulu aatali otchedwa ligand, pamene molekyulu imene yalowa m'mphakomo imatchedwa mlendo.

Khola lotere silimangidwa kachidutswa ndi kachidutswa, koma zipangizo zake zikangosakanizidwa m'madzi zimalumikizana zokha, pakuti pamene chitsulo chagwirana ndi ligand pamamasuka n'kugwiranso kambirimbiri, kotero kuti polakwika pamakonzeka mpaka patatsala mpangidwe wokhazikika kuposa ina yonse. Makoto Fujita wa ku Japan adasonyeza zimenezi mu 1995 ndi khola la maatomu 6 a palladium ndi ma ligand 4.

Mlendo samangiriridwa m'kholamo. Chimene chimamusunga nthawi zambiri n'chakuti sayanjana ndi madzi, monga momwe mafuta amakanira kusakanizika nawo, ndiye amathawira m'mphako. Komanso ayenera kukwanamo bwino, ndipo mu 1998 Sandro Mecozzi ndi Julius Rebek adapeza kuti mlendo amakhazikika akadzaza pafupifupi magawo 55 pa 100 alionse a mphakoyo.

Chitsanzo chogometsa kwambiri chidachokera ku yunivesite ya Cambridge mu 2009, kumene gulu la Jonathan Nitschke lidatsekera fosifolasi woyera m'khola la maatomu 4 a ayironi. Fosifolasi ameneyu amayaka yekha akakumana ndi mpweya, koma ali m'kholamo sadayake, osati chifukwa choti okosijeni sangafike pafupi, koma chifukwa zimene zikadapangika iye atalumikizana ndi okosijeniyo n'zazikulu moti sizingakwane m'mphako. Atathiramo benzene, amene kholalo limamulandiranso, fosifolasiyo adatuluka ndipo adayambiranso khalidwe lake loopsa lija.

Kumasuka kwa malumikizidwe, komwe kumathandiza kuti khola lidzimange lokha, ndi kumenenso kumalichititsa kusalimba, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lalikulu kwa ofuna kugwiritsa ntchito timakolati ponyamula mankhwala m'thupi. Khola la Nitschke limaphwasuka likathiridwa asidi n'kutaya mlendo wake, ngakhale kuti asidiyo akachepetsedwa mphamvu zidutswa zake zimalumikizananso.