Momwe mapangano a panyanja adatsegulira njira ya ndege ku Sharjah

Pa 5 Okutobala 1932 ndege ya kampani ya Imperial Airways yotchedwa Hanno idatera pamchenga kunja kwa tauni ya Sharjah, m'dziko lomwe lero ndi United Arab Emirates. Idatera kumeneko potsatira pangano lomwe mfumu ya tauniyo, Sheikh Sultan bin Saqr al-Qasimi, idasainirana ndi boma la Britain pa 22 Julayi chaka chomwecho.

Pofika nthawiyo Angerezi anali atalamulira nyanja ya Persian Gulf kwa zaka zoposa 100, ndipo padalibe mfumu ya m'gombe la Aluya yomwe ikadalimbana ndi sitima zawo zankhondo. Komabe adakambirana kwa miyezi yambiri, adakanidwa malo angapo, ndipo potsiriza adalipira lendi pa kachigawo ka mchenga. Chifukwa chake chili m'mawu a mapangano akale omwe ulamuliro wawo udatsamirapo.

Pangano loyamba lidabwera ndi mfuti. Mu Disembala 1819 asilikali ochokera ku Bombay adagumula doko la Ras al-Khaimah, likulu la banja la Qawasim, lomwe Angerezi ankalinena kuti likuchita zauchifwamba pa zombo zopita ku India. Mbiri imeneyi ili ndi oitsutsa: mfumu ya Sharjah, Sheikh Sultan bin Muhammad al-Qasimi, idalemba buku mu 1986 lonena kuti mlandu wauchifwambawo udakokomezedwa ndi kampani ya East India pofuna kulanda malonda. Chosatsutsika n'chakuti kumayambiriro kwa 1820 mafumu a m'gombemo adasaina pangano loleka kulanda katundu panyanja. Chombo chilichonse chinayenera kukhala ndi kalata yosonyeza mwini wake, kukula kwake ndi komwe chikupita, komanso kukweza mbendera yofiira ya mphepete yoyera.

Panganolo silidaletse mafumuwo kumenyana okhaokha, ndipo nkhondo zawo zinkasokoneza ntchito yovuula ngale, yomwe inali chuma chenicheni cha deralo. Choncho mu 1835 adagwirizana zoleka nkhondo panyanja m'nyengo ya ngale yokha. Adapitiriza kuukonzanso mgwirizanowo mpaka mu 1853 pomwe udasanduka wamuyaya, Britain nkukhala woyang'anira. Apa ndi pomwe padachokera dzina lakuti Trucial Coast, kutanthauza gombe la omwe adagwirizana zoleka nkhondo. Zonsezi zinali za panyanja. Za kumtunda Angerezi sankazifuna, popeza kunalibe phindu lolingana ndi mtengo wosungako asilikali.

Mu Malichi 1892, poona kuti Afalansa ndi boma la Ottoman ayamba kusuzumira kuderalo, Angerezi adasainitsa mafumuwo pangano lina la mfundo zitatu. Mfumu siyenera kuchita mgwirizano kapena kulemberana makalata ndi boma lina kupatula la Britain. Siyenera kulandira nthumwi ya boma lina popanda chilolezo. Ndipo siyenera kugulitsa, kupereka kapena kupinyolitsa malo ake kwa wina aliyense kupatula boma la Britain. Izi zidachitika patangopita chaka chimodzi Britain atalengeza, mu 1891, kuti dera lomwe pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland lili pansi pa chitetezo chake. Kusiyana kwake n'kwakukulu: kuno atsamunda adakhazikitsa boma, makhoti ndi msonkho wa nyumba, pomwe kumeneko adasiya mafumu akudzilamulira, woyang'anira wamkulu wa Britain akukhala kutsidya kwa nyanja, ku Bushire m'dziko la Persia.

Wowerenga mfundo zitatuzo mofatsa aona kuti zonse n'zoletsa. Zidatsekera mayiko ena khomo, koma palibe yomwe idapatsa Britain ufulu wotenga malo. Mfumu idatsala ndi wogula mmodzi yekha, koma sidakakamizidwe kugulitsa.

Malonda nawo adamangidwa m'njira yomweyo. Mu 1902 mafumuwo adavomera kuletsa malonda a mfuti, mu 1911 adalonjeza kusapatsa mlendo chilolezo chovuula ngale popanda kufunsa Angerezi, ndipo mu 1922 adalonjeza chimodzimodzi pa nkhani ya mafuta. Chiletso cha mfuti chidabala tsoka mu Disembala 1910, pomwe asilikali a sitima ya HMS Hyacinth adatsikira ku Dubai kukachita chipikisheni m'nyumba, nkuyambika kuwomberana komwe kudapha anthu oposa 30 a m'tauniyo. Kuyambira pamenepo anthu a m'gombemo ankakayikira chilichonse chomwe chikadachititsa Mngerezi kugona kumtunda.

Dubai yemweyo ndiye adapindula kwambiri m'zaka zimenezo. Boma la Persia litakhwimitsa msonkho pa doko la Lingah kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mfumu ya Dubai, Sheikh Maktoum bin Hasher, idachotsa msonkho wa katundu wolowa ndi kuitana amalonda a ku Lingah kuti asamukire kwawo. Sitima za kampani ya British India Steam Navigation zidayamba kuima pa Dubai, ndipo Sharjah, yomwe kale inali patsogolo, idatsala ikugula katundu kudzera kwa mnansi wake.

Nkhani ya ndege idayambira kutali. Pangano la ku Paris la 1919 lidakhazikitsa mfundo yakuti dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga wa pamwamba pake. Panyanja yaikulu sitima imadutsa osapempha, koma ndege yopita ku India inkafunika chilolezo cha dziko lililonse la m'njira, komanso malo otera pafupipafupi chifukwa sinkanyamula mafuta ambiri. Ulendo wa London mpaka Karachi utayamba mu 1929, ndege za Imperial Airways zinkatsata gombe la Persia, kutera pa Bushire, Lingah ndi Jask. Boma la Reza Shah lidapereka chilolezo cha zaka zitatu zokha, ndipo lidafuna kuti pambuyo pake ndegezo zizidutsa m'kati mwa dziko, njira ya mapiri ndi chipululu yomwe kampaniyo idaiona kuti siyotheka. Njira yotsala inali ya gombe la Aluya.

Mfumu ya Ras al-Khaimah, Sheikh Sultan bin Salim, idakana. Ku Dubai nakonso zokambirana sizidaphule kanthu. Mantha anali odziwika: ndege ikabwera pamabwera nyumba ya alendo, alonda ndi wailesi, ndipo mlendo mmodzi akavulazidwa mlandu umagwera mfumu. Ku Sharjah ena a m'banja lachifumu adatsutsanso, koma Sheikh Sultan bin Saqr anali pa mavuto a zachuma. Msika wa ngale unali utagwa kaamba ka ngale zochita kuweta za ku Japan komanso kugwa kwa chuma cha padziko lonse kuyambira 1929. Woyang'anira wamkulu wa Britain, Hugh Biscoe, adamwalira ndi mtima ali m'sitima paulendo wokamaliza zokambiranazo, ndipo ntchitoyo idatsirizidwa ndi Harold Dickson, yemwe ankaimira Britain ku Kuwait.

Pangano lidali la zaka 11. Mfumu inkalandira marupi 800 pamwezi pa bwalo la ndege, marupi 300 a lendi ya nyumba ya alendo, marupi 500 a m'thumba mwake, ndi marupi 5 pa ndege iliyonse ya kampani yotera. Iyo idayenera kumanga nyumbayo ndi kupereka alonda. Koma chomwe chikusonyeza nzeru za mfumuyo sichili m'ziwerengerozi. Idaumirira kuti Britain ilonjeze polemba kuti idzalemekeza ufulu wake ndipo sidzalowerera za m'dziko lake, komanso kuti sitima za British India ziyambe kuima pa Sharjah. Munthu yemwe ankapemphedwa malo a ndege adapempha sitima, podziwa kuti apaulendo ochepa ogona usiku umodzi kuseri kwa mpanda sangadyetse tauni monga momwe mpunga ndi nsalu zotsitsidwa padoko zingachitire.

Sikuti mphamvu zinali zofanana. Wogula anali mmodzi, ndipo sitima zake zankhondo zinkaoneka kuchokera kumtunda. Zomwe zidachitika ku Kalba zikusonyeza kutalika kwa dzanja lake. Pofuna malo oterapo mwadzidzidzi kugombe la kummawa, mu 1936 Britain idavomereza kuti Kalba, yomwe Sharjah inkaiwerengera kuti ndi gawo lake, ndi dziko loima palokha. Ufumuwo udakhala zaka 16 zokha, ndipo mu 1952 Kalba idabwezeredwa ku Sharjah. Dubai idasintha maganizo mu 1937, pomwe idalola ndege zotera pamadzi kugwiritsa ntchito khwawa lake.

Mapangano onse a chitetezo adathetsedwa pa 1 Disembala 1971, ndipo tsiku lotsatira maufumu asanu ndi umodzi adapanga United Arab Emirates. Ras al-Khaimah idalowa mu Febuluwale 1972. Kuyambira pamenepo chilolezo chotera ndege amakambirana ndi boma la dzikolo, motsatira mfundo za pangano la ku Chicago la 1944. Bwalo lakale la Sharjah lidasiya kulandira ndege za apaulendo mu 1977 litatsegulidwa latsopano, msewu womwe ndege zinkathamangapo udasanduka msewu wa galimoto m'kati mwa mzinda, ndipo nyumba ya alendo ija, yotchedwa Al Mahatta, ndi nyumba yosungiramo mbiri ya ndege.